Mwagunditsa foni koma makina ali duu: vuto lili pati?

Kumapeto kwa mwezi, malipiro akangolowa, mizere imatalika m'magolosale a ku Arcturus, ku Ruwa mpaka ku Mabvuku. Pamzerepo sipalephera kupezeka munthu yemwe wagunditsa foni kapena khadi lake pa makina olipirira, makinawo n'kungokhala duu. Agunditsenso, duu. Akumbuyo ayamba kung'ung'udza, wogulitsa akuti, "Netiweki yapita, achimwene," ndipo mwini foni akutuluka chimanjamanja, ufa ndi mafuta ophikira zatsala pakauntala. Mawa lake mumupeza m'kombi, ulendo wopita ku Harare, akuti akakonzetse ku Gulf Complex foni yomwe mwina ilibe vuto lililonse.

Kulipira kotereku sitingangokutaya chifukwa chakuti kumavuta. Aliyense amene anagulapo chinthu cha masenti 50 ndi pepala la dola imodzi akudziwa kuti chenji chimasanduka maswiti kapena machesi omwe sanawafune. Khadi ndi foni sizifuna chenji. Chofunika n'kudziwa pamene pafera, chifukwa ndalama ikamachoka kwa inu kupita kwa mwini golosale imadutsa malo atatu: pakati pa foni yanu ndi makina, pakati pa makina ndi banki, ndiponso mu akaunti yanu momwemo. Ambiri timathamangira kuimba mlandu foni, pomwe makinawo amakhala atanena kale pamene pali vuto, ife osawerenga.

Choncho musachotse maso pa galasi la makina. Ngati sanalire, sanaphethire nyali, ndipo akungoonetsabe mtengo womwe wogulitsa walemba, ndiye kuti foni ndi makina sizinamvane n'komwe. Ngati alira, n'kulemba kuti Processing kapena Connecting kwa nthawi yaitali, kenako n'kulephera, foni yanu yagwira ntchito yake, chavuta ndi netiweki ya makinawo. Koma akalira n'kuyankha msangamsanga kuti Declined, uthenga wafika kubanki ndipo banki ndiyo yakana. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana, ndipo chimodzi chokha, choyambacho, n'chimene chimakhudza foni yanu.

Tiyambe ndi chimenecho. Kumbuyo kwa foni, kunsi kwa chivundikiro, kuli kawaya kopyapyala kokulungidwa ngati nkhata. Makina olipirira nawo ali ndi kawo. Tiwaya tiwiriti tikayandikana timalankhulana kudzera mu njira yotchedwa NFC, ndipo mphamvu yake siipitirira masentimita anayi. Amene munakwerapo mabasi a ZUPCO ndi makhadi ogunditsa aja mwaigwiritsapo kale ntchito njira imeneyi. Khadi lilibe batire, limatenga mphamvu kuchokera ku makina pa kanthawi komwe layandikirako. N'chifukwa chake kungodutsitsa mothamanga sikuthandiza. Mphamvu isanakwane, inu mwachotsa kale dzanja.

Funso loyamba, lomwe ena amachita nalo manyazi, n'lakuti: kodi foni yanu ili nayo NFC? Mafoni ambiri otsika mtengo alibe, kuphatikizapo ambiri a itel ndi ena a Tecno ndi Samsung a mtengo wapansi. Ngakhale mafoni awiri a dzina limodzi amatha kusiyana malinga ndi dziko lomwe anawapangira kuti akagulitsidwe. Musadalire zolembedwa pakatoni kapena mawu a amene anakugulitsani. Tsegulani Settings, lembani NFC pamalo ofufuzira omwe ali pamwamba. Pakapanda kutuluka kanthu, nkhani yathera pomwepo. Palibe pulogalamu yomwe mungaike kuti ibweretse kawaya komwe kulibe, ndipo wina akakuuzani kuti akuikirani NFC pa madola asanu, gwirani thumba lanu. Ikapezeka, onani ngati ndi yoyatsa. Pa Samsung ili pansi pa Connections, pa mafoni ena ambiri a Android ili pansi pa Connected devices. Ana akamasewera ndi foni amaizimitsa mosadziwa, chifukwa kabatani kake kamakhala pafupi ndi ka tochi ndi ka Bluetooth pa mndandanda wotsika kuchokera pamwamba uja. Pa iPhone palibe choyatsa kapena kuzimitsa.

Tsopano tembenuzani foniyo, muchotse kava, muone zomwe zili m'menemo. Kwathu kuno kava ya foni ndi chikwama. Mumapezamo pepala la madola awiri lopindidwa kanayi, kapepala ka nambala ya mita ya ZESA, khadi la kubanki, chithunzi cha mwana, ndipo kwa akuluakulu ambiri, chitupa chachitsulo chija. Mapepala alibe vuto. Chitupa chachitsulo ndicho mdani wamkulu, chifukwa chitsulo chimatchinga mphamvu ya kawaya kaja kotheratu. Makolo athu omwe anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito m'mapulazi ndi mumgodi anachivutikira chitupa chimenechi, ndipo sindingauze munthu kuti azichisiya kunyumba. Chingosamukira m'thumba lina. Chimodzimodzinso kachitsulo komwe oyendetsa galimoto amamata kumbuyo kwa foni kuti izikakamira pa maginito, mphete yachitsulo yogwirira ndi chala, ndi makava okhuthala okhala ndi zonyezimira zachitsulo.

Khadi la kubanki lili m'kava limabweretsa vuto la mtundu wina. Makina amamva mawu awiri nthawi imodzi, a foni ndi a khadi, ndiye amakana zonse kapena amasankha lomwe inu simumafuna. Munthu amatha kudabwa kuti ndalama yachoka ku akaunti ina. Ngati foni yanu imangonjenjemera yokha n'kulemba kuti No supported app for this NFC tag, si kuti yagwidwa ndi kachilombo ayi. Ikumva khadi lomwe lili kumsana kwake.

Uthenga wotopetsa womwewo ndi umene ungakuthandizeni kuyesa foni muli pakhomo, osadikira kukachita manyazi pakauntala. Tengani khadi lokhala ndi chizindikiro cha timizere tinayi tokhota, kapena pasipoti yatsopano yamagetsi ija. Foni ikhale yopanda kava, yoyaka ndi yotsegula. Yendetsani khadilo pang'onopang'ono kumbuyo kwake, kuyambira pa kamera kutsika mmunsi. Pamene foni yalira, yanjenjemera kapena yalemba uthenga, pamenepo ndi pomwe pali kawaya. Mafoni ena sayankha kanthu popanda pulogalamu yowerengera, choncho ikakhala chete ikani yaulere yotchedwa NFC Tools muyesenso. Malowo muwaloweze pamtima. Pa iPhone ndi kumtunda kwenikweni, pafupi ndi kamera. Pa mafoni ambiri a Android ndi chapakati kapena chakumtunda. Ndimaona anthu ambiri akugunditsa kumunsi kwa foni, kumene kuli kabowo kotchajira, chifukwa ndi mmene dzanja lagwirira. Kumeneko kulibe kanthu.

Makina nawo ali ndi malo ake. Ena amamvera pagalasi, ena pamwamba pomwe pamatulukira lisiti, ena m'mbali. Funani chizindikiro cha timizere tija. Dikirani wogulitsa amalize kulemba mtengo ndipo muuwerenge ndi maso anu, kenako ikani foni pamalopo, igunde ndithu, muwerenge mumtima mpaka katatu osaisuntha. Musaigwedeze, musaisisite pa makina. Ndipo dziwani kuti si makina onse okhala ndi chizindikirocho amene banki inawatsegulira njira yogunditsa. Wogulitsa akakuuzani kuti, "Awa salola zogunditsa, amayi, lowetsani khadi," musalimbane naye. Amawadziwa makina ake.

Tinene kuti kawaya kali bwino, kava mwachotsa, koma zikukanikabe. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kukhala ndi NFC sikutanthauza kuti foni ili ndi ndalama yoti ipereke. Pamafunika pulogalamu yosunga khadi lanu mufoni, monga Google Wallet, Samsung Wallet kapena Apple Pay, ndipo banki yanu iyenera kukhala kuti inagwirizana ndi kampani ya pulogalamuyo. Ku South Africa, Apple Pay inayamba mu 2021 ndipo Google Wallet inafika mu 2022, n'chifukwa chake ana athu ogwira ntchito ku Joni akabwera pa Khirisimasi amalipira ndi foni ife tikuyang'ana. Khadi la banki ya kuno musaliyese mwamphamvu. Funsani kubanki kwanu ngati limalowa mufoni ndiponso kudzera mu pulogalamu iti. Akati ayi, gunditsani khadi lenilenilo ngati lili ndi chizindikiro, foni ipume. EcoCash yolipira poimba *151# kapena *153#, OneMoney, ndi njira zojambula kachizindikiro ka QR ndi kamera sizidalira NFC m'pang'ono pomwe. Zikavuta zimenezo, kawaya kaja kalibe mlandu.

Kwa amene khadi lawo linalowa mufoni, zoyang'ana ndi zingapo. Foni iyenera kukhala ndi loko wa nambala, wa chala kapena wa nkhope. Mukachotsa loko, Google Wallet imachotsanso makhadi, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ali kale pamzere. Polipira, foni ikhale yoyaka ndi yotsegula. Pa iPhone mumadina kawiri batani lam'mbali n'kuonetsa nkhope, kapena pa mafoni akale batani lapansi n'kuika chala. Ngati muli ndi mapulogalamu awiri olipirira, lowani pomwe pali NFC paja musankhe imodzi yoti izitsogola, apo ayi foni imatha kupereka yomwe mulibe khadi. Tsiku ndi nthawi zikhale zodzikonza zokha, chifukwa foni yomwe ikuganiza kuti tili chaka china banki siikhulupirira.

Pali vuto lina lomwe limagwera makamaka ife ogula mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Foni yomwe amisiri anaiflasha kapena kuithyola loko wamkati, Google imaiona kuti ndi yosadalirika ndipo imakana kuti izilipira. Mutha kuona nokha: tsegulani Play Store, pitani pa Settings, kenako About, muwerenge pamzere wa Play Protect certification. Pakalembedwa kuti Device is not certified, mwapeza gwero. Mafoni a Huawei omwe anatuluka dziko la America litaletsa kampaniyo kugwira ntchito ndi Google mu 2019 alibe mapulogalamu a Google, choncho Google Wallet siigwira ngakhale NFC ilimo.

Inu obwera kuchokera ku Joni, konzani zonsezi musanawoloke pa Beitbridge. Kulowetsa khadi mufoni kumafuna nambala yotsimikizira yomwe banki imatumiza ku nambala yanu ya kumeneko, ndipo mukafika kukomboni kuno uthengawo mwina sufika. Onaninso mu pulogalamu ya banki kuti khadi ndi lololedwa kugwira ntchito kunja kwa dziko. Foni yeniyeniyo siifuna intaneti pa nthawi yogunditsa, koma ya Android imafuna kulumikizidwa mwa apo ndi apo kuti itenge manambala atsopano achinsinsi omwe imalipirira. Ikakhala masiku ambiri yopanda bandulo imatha kuyamba kukana. Ilumikizeni kwa mphindi zochepa, mutsegule pulogalamuyo, muyesenso.

Za khadi lapulasitiki n'zachidule. Latsopano nthawi zambiri limafuna kuti muyambe mwalilowetsa m'makina n'kulemba pini, kenako ndi pomwe limayamba kumva kugunditsa. Likagunditsidwa kangapo motsatizana, kapena mtengo ukakhala waukulu, banki imafunsanso pini, ndipo uku si kuwonongeka. Koma khadi lomwe limakhala m'thumba lakumbuyo, mwini wake n'kumalikhalira pathirakitala tsiku lonse, limapindika ndipo kawaya kake kamaduka mkati. Lotero limagwira mukalilowetsa koma limakana kugunditsa. Mankhwala ake ndi khadi lina basi.

Malo achiwiri aja, pakati pa makina ndi banki, ndi amene amativuta kwambiri kuno kumapulazi. M'makina ambiri muli simu khadi, ndipo amadalira nsanja ya netiweki yomweyo yomwe foni yanu imadalira. Magetsi akazima nthawi yaitali, kapena mvula yamkuntho ikadutsa, netiweki imafooka ndipo makina amangozungulira. Apa inu palibe chomwe mungakonze pafoni panu. Wogulitsa ayese kuzimitsa makina n'kuwayatsanso, kapena atuluke nawo pakhonde pomwe netiweki imagwira bwino, inu mukutsatira. Khadi lanu lisapite kuseri lokha. Ngati ali ndi makina a banki ina, yesani amenewo. Madzulo a tsiku lamalipiro aliyense amakhala akulipira nthawi imodzi, choncho amene angathe agule m'mawa.

Chomwe ndikuletsa ndi mtima wonse ndi kugunditsa kachiwiri musanadziwe mmene koyamba kwathera. Nthawi zina uthenga umafika kubanki, ndalama n'kuchoka, koma yankho n'kusochera pobwerera. Makina alemba kuti zalephera, wogulitsa akuti gunditsaninso, ndipo mukamvera mwalipira kawiri thumba limodzi la ufa. Imani kaye pambali. Dikirani uthenga wa banki pafoni kapena onani ndalama zotsala. Ngati ndalama yachoka, pemphani lisiti lolembedwa kuti zalephera lija, lomwe ogulitsa ambiri amangolikwinya n'kuponya pansi. Lijambuleni pomwepo, chifukwa pepala la makinawa limafufutika likakhala padzuwa kapena m'thumba lotentha, ndipo pakatha milungu ingapo mumatsala ndi pepala loyera. Lembani tsiku, nthawi, dzina la sitolo ndi mtengo. Kukangana ndi mtsikana wapakauntala n'kutaya nthawi, ndalamayo sanailandire ndipo sangaibweze. Dandaulo limapita kubanki yanu kapena ku kampani ya chikwama chanu cha pafoni. Kawirikawiri ndalama yotere imabwerera yokha, koma ikachedwa pitani ndi umboni wanu, ndipo akupatseni nambala ya dandaulolo. Akakuzengerezani mpaka kalekale, Reserve Bank of Zimbabwe ndiyo imayang'anira mabanki ndipo imalandira madandaulo a anthu.

Malo achitatu ndi akaunti yanu, ndipo kuno ku Zimbabwe pali misampha iwiri yomwe alendo saidziwa. Woyamba ndi wa ndalama ziwiri. Chiyambireni ndalama ya ZiG mu April 2024, munthu amatha kukhala ndi akaunti ya madola a ku America ndi ina ya ZiG, ndipo masitolo ambiri ali ndi makina osiyana kapena amasankha mtundu wa ndalama asanalembe mtengo. Khadi la madola pa makina a ZiG limakanidwa ngakhale muli ndi ndalama zambiri. Nenani msanga musanapereke khadi: "Ndi ya madola iyi, achemwali." Msampha wachiwiri ndi msonkho wa IMTT, womwe umadulidwa mukalipira ndi khadi kapena foni ndipo unaikidwa pa 2 peresenti mu October 2018, kuphatikizapo kandalama komwe banki imadula pa ntchito yake. Mukakhala ndi madola 20 enieni n'kugula katundu wa madola 20, makina adzakana, chifukwa zodulidwazo zilibe pochokera. Bwezani sopo mmodzi muyesenso. Palinso malire a ndalama zomwe mungagwiritse ntchito patsiku, khadi lomwe masiku ake atha, ndi khadi lotsekedwa chifukwa cholakwitsa pini katatu.

Ena amazimitsa NFC poopa kuti wakuba awayandikira m'kombi yodzaza n'kuwakokera ndalama. Kuzimitsako si kulakwa, bola muzikumbukira kuyatsa. Koma foni yokhoma bwino siipereka ndalama mwachisawawa, ndipo nambala yomwe imapatsa makina si nambala yeniyeni ya khadi lanu. Ndalama za anthu ambiri zimapita ndi njira zakale zomwezi: pini yolembedwa kuseri kwa khadi, pini yotchulidwa mokweza kuti mdzukulu alembe, ndi munthu woimba foni n'kunena kuti ndi wa kubanki, mumuuze nambala yomwe yangofika kumene. Wa kubanki weniweni safunsa zimenezo. Foni ikatayika, imbirani banki tsiku lomwelo kuti atseke khadi, kenako mupite kukatseketsa simu.

Kugunditsa kwina, kolumikiza foni ndi sipika kapena zomvera m'makutu, kumadalira kawaya komweko, koma nyimbo zimayenda pa Bluetooth. Zikakana, yatsani Bluetooth mulumikize pamanja, palibe chotayika. Ndipo amene mukuyesabe kutumizirana zithunzi pogunditsana misana ya mafoni, njira ija ya Android Beam inachotsedwa mu Android 10. Masiku ano gwiritsani ntchito Quick Share.

Ulendo wa kwa mmisiri ukhale womaliza, pamene NFC ikuoneka mu Settings, ndi yoyatsa, kava mwachotsa, foni mwaizimitsa n'kuiyatsanso, koma khadi silikumveka paliponse kumbuyo kwake. Kumbukirani ngati vutolo linayamba foni itagwa, itanyowa kapena itatsegulidwa. M'mafoni ambiri kawaya kaja kamamatidwa pa chivundikiro chakumbuyo kapena pa kapulasitiki kophimba zamkati, ndipo mmisiri wosintha batire mothamanga amatha kukang'amba kapena kusiya osakalumikiza. M'mafoni akale a Samsung, monga Galaxy S4 ndi S5, kanali pa batire penipenipo, moti batire lotchipa losinthira limabwera lopanda kawayako. Batire lotupa nalo limakankha chivundikiro n'kulekanitsa timano tolumikizira. Foni yotere, yomwe msana wake wayamba kutukumuka, musaitchajenso usiku m'nyumba yogona ana, chifukwa ikhoza kuyaka.

Popita kwa mmisiri tengani khadi lanu loyesera lija. Muuzeni kuti ayang'ane kawaya ka NFC ndi timano take, ndipo mumuletse kuflasha foniyo, chifukwa kuflasha sikulumikiza waya woduka koma kukhoza kukuchotserani chilolezo cha Google chija. Chotsani simu ndi memori khadi, ndipo tulukani mu pulogalamu ya banki musanamusiyire. Akamaliza, gunditsani khadi kumbuyo kwa foni iye akuona, ndipo mulipire pokhapokha foniyo italira.